Makhadi Awiri M'kapepala ka Shuga

Pa esiteti ya tiyi imene a Doris ankagwirapo ntchito, lamulo limene anthu ankalisunga ndi mtima wonse linali lija losalembedwa paliponse. Mnzako akagwa m'mavuto, kaya mwana wadwala kaya kumudzi kwagwa zovuta, unkamuyankhira. Kalaliki akaitana dzina lake m'mawa unkati alipo, ndipo pa sikelo unkatapa masamba m'dengu mwako n'kuika pa dzina lake, kuti kuofesi asamulembe kuti wajomba. Kapitawo pa nthawi imeneyo ankapeza choyang'ana kuphiri. Panalibe amene sanayankhirepo mnzake, panalibenso amene sanayankhiridwepo. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo pa esiteti ndevu zinkapsa sabata iliyonse.

A Doris anali atathyola tiyi pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anali a pamanenti, olembedwa ntchito yokhazikika, ndiye anali ndi nyumba kukomboni, nambala 14, ya zipinda ziwiri ndi kakhonde. Amuna awo, a Yesaya, anamwalirira m'nyumba imeneyo, ndipo mwana wawo wamkazi Tisungane ankalemba sitandade eyiti chaka chimenecho pa sukulu yapafupi. Kwawo ku Mphuka kunali kamunda kamodzi kamene ang'ono awo atatu anagawana kalekale, moti ngakhale nkhuku inkayamba yafunsa isanapalase. Nyumba ya kukomboni ndiyo inali zonse. Koma nyumba ya kampani imayenda ndi ntchito: ntchito ikatha, makiyi amabwerera kuofesi.

Chaka chimenecho kampani inataya buku la maina n'kubweretsa makhadi. Aliyense analandira kakhadi koyera kolembedwa nambala, kopanda chithunzi. Kalaliki wa gulu lawo, Hopeson, anapatsidwa kamakina kokhala ngati foni yaikulu, kolumikizana ndi sikelo. Unkapachika thumba la masamba pa sikelo, n'kuyandikiza khadi ku kamakinako, iko n'kulira kuti tii. Basi, wafika ku ntchito ndipo makilo ako alowa. Tsiku limene mayi wa kuofesi anabwera kudzafotokoza zonsezi mvula inali ikumenya malata a shedi, ndipo a Doris anakhala kumbuyo. Zimene anamva zinali ziwiri zokha: wobwereketsa khadi lake kwa mnzake waswa lamulo, ndipo amene khadi lake silinalire masiku asanu ndi limodzi otsatizana popanda chidziwitso ndiye kuti wathawa ntchito.

Anthu anadandaula sabata imodzi, kenaka anazindikira kuti kamakinako sikadziwa nkhope ya munthu. Mwambo woyankhirana unangosintha zovala. M'malo moyankha kuti alipo, unkatenga khadi la mnzako. Hopeson ankamvetsera tii wake akuyang'ana kumbali, ndipo kapitawo, a Bizwick, anapitiriza kuchita chidwi ndi phiri.

Lamulungu lina madzulo, mwezi wa Januwale, Olivia anabwera pakhomo pa a Doris atabereka mwana wake Happy, mutu wa mwanayo uli lende. Olivia anali wa sizoni, mmodzi mwa amene amalembedwa nthawi ya mvula tiyi akachuluka n'kuchotsedwa kukauma. Anachokera ku Khwethemule zaka ziwiri zapitazo ali ndi kachikwama kamodzi, ndipo anagona pansi m'nyumba ya a Doris miyezi itatu. Ndi a Doris amene anamugwira dzanja pa tchire la tiyi n'kumuonetsa kuthyola masamba awiri ndi kamphukira osadzula nthambi. Anthu osadziwa ankayesa ndi pachibale.

"Achemwali, mwanayu sakuyamwa, sakulira," anatero Olivia. "Ndikupita naye kuchipatala ku Makwasa. Akandigoneka sindidziwa ndituluka liti."

"Wauza a kapitawo?"

"Ndikapempha tchuthi angondifufuta. Ife a sizoni tilibe masiku. Pageti pali anthu odikirira malo anga."

A Doris sanadikire kuti apemphedwe. Anatambasula dzanja, Olivia n'kuvula khadi m'khosi. Anamupatsanso kaufa ndi nthochi zokadya kuchipatala, namuperekeza mpaka pamsewu.

Khadi la a Doris linali litathetheka pakona kuchokera tsiku lina limene analikhalira, ndipo chingwe chake chinaduka kalekale. Ankalisunga m'kapepala ka pulasitiki ka shuga kuopa mvula, n'kumanga pansonga ya chitenje. Anali ataona kuti kamakina kamalira ngakhale osalitulutsa m'pepalamo. Tsono anaika khadi la Olivia m'kapepala komweko, makhadi awiriwo ataphatikizana msana ndi msana, lothetheka mbali iyi, latsopano mbali inayo. M'maganizo mwawo kamakinako kanali ndi diso, ngati la foni yojambulira, ndipo diso limaona chimene chili patsogolo pake. Nanga ndani akanaganiza mwina? Ukaphimba mbale ndi mbale inzake, yooneka ndi yapamwambayo.

Motero pa sikelo, katatu pa tsiku, ankagawa masamba m'matumba awiri. Thumba loyamba, mbali yothetheka ku kamakina, tii. Thumba lachiwiri, kutembenuza kapepala, tii. Munthu mmodzi kubwera ndi matumba awiri sichinali chachilendo kwa akatswiri ngati iwo, ndipo kamakina sikankakana. Hopeson anali ndi anthu makumi asanu ndi atatu pamzere, mvula ikulowa m'khosi, ndiye zimene zinkalembedwa pa kagalasi sankaziwerenga. Komanso mwambo wake unali woti asawerenge.

Kuthyolera anthu awiri si masewera. A Doris ankalowa m'munda mame ali mbwee, anzawo asanamange n'komwe mapulasitiki m'chiuno, ndipo ankatuluka omalizira. Nthawi ya phala ankamwa ataimirira. Msana unkawawa moti usiku ankagona chafufumimba, ndipo zala zinang'ambika mpaka tiyi kumaluma m'mabala. Koma mumtima anali wokondwa, kunyada pang'ono kumene, chifukwa ankadziwa kuti palibe mayi wina m'gululo akanatha kunyamula maina awiri masiku khumi ndi awiri osagwa. Anzawo ankawaseka kuti a Doris ali ndi manja anayi.

Olivia anabwerera Lamulungu lachiwiri masana, Happy atachira, akukoka ndolo za amake. Anagwada pakhonde nagwira manja a Doris.

"Achemwali, ine mawu ndilibe. Mulungu yekha ndiye akudziwa."

"Dzuka iwe, ukudetsa chitenje. Mwana wachira, nkhani ndi imeneyo."

Anamasula nsonga ya chitenje n'kumubwezera khadi lake.

Lolemba m'mawa, asanalowe m'munda, a Bizwick anawapatsa kalata. A Doris kuwerenga ankadziwa pang'ono, koma anapempha kapitawoyo awawerengere. A Bizwick anawerenga maso ali papepala: Doris, nambala yakutiyakuti, sanaoneke ku ntchito masiku khumi otsatizana popanda chidziwitso, akaonekere kuofesi ya divishoni.

A Doris anaseka. "Ine? Nanga amene mumamuuza kuti mayi inu pumani uja anali mzukwa?"

"Pitani mukamve, mayi," anatero a Bizwick, osaseka nawo.

Kuofesi kunali abwana a divishoni ndi mayi uja wa tsiku la mvula, Tamanda, amene ankayang'anira makina onse a pa esiteti. Tamanda anatembenuza kompyuta kuti a Doris aone, ngakhale kuti kwa iwo inali mizere chabe. Pa masiku khumi ndi awiri, anatero, khadi lawo linalira kawiri kokha, masiku awiri oyamba. Kenaka zii.

"Nditha kuona khadi lanu, amayi?"

A Doris analitulutsa m'kapepala. Tamanda anayatsa tochi ya foni kumbuyo kwake, ndipo m'kati mwa khadimo munaoneka kawaya kopyapyala ngati tsitsi, kozungulira m'mbali kangapo, ndi kadontho kakuda kochepera njere ya mawere.

"Muno mulibe batire," anatero Tamanda. "Khadi limagona. Kamakina kaja kamatulutsa mphamvu ngati ya wailesi, yosaoneka. Mphamvuyo ikafika pa kawayaka imadzutsa kadonthoka, ndipo kadonthoka kamayankha nambala yake. Kamakina kamalemba nambala, nthawi ndi makilo. Ndi zomwezo pageti la fakitale, ndi pa matumba a tiyi opita kunja. Lanuli kawaya kake katsala pang'ono kuduka apa pothetheka, ndiye limayankha monong'ona. Komabe likakhala lokha liyenera kumveka."

"Likakhala lokha," anatero a Doris.

"Eya."

"Nanga akakhala awiri pamodzi? Sikaona loyang'anana nako?"

Tamanda anapukusa mutu. "Kalibe diso, amayi. Mphamvu ija imadutsa pulasitiki, nsalu, ngakhale khadi linzake. Onse awiri amadzuka. Timakina tathuti timangotenga limene layankha mokweza."

Kutembenuza konse kuja kwa a Doris, katatu pa tsiku, mosamala ngati akutembenuza chigumu pamoto, kunali kwachabe. Kupatula kawiri kaja, matumba onse awiri ankalowa pa dzina la Olivia. Anadzifufuta okha, ndi dzanja lawo lomwe, ali chiimire m'munda.

Panalibe njira ina koma kunena zoona, ndipo ananena zonse: mwana, chipatala, kapepala ka shuga. Abwana anamvetsera akugogoda tebulo ndi cholembera. Sanali munthu woipa mtima, koma anali munthu wa mapepala, ndipo mapepala ake onse ankanena chinthu chimodzi.

"Mayi, mwagwira ntchito pano nthawi yaitali," anatero. "Ngati zili momwemo, ndipo mnzanuyo avomera pamaso panga kuti kunalibe ndipo anakupatsani khadi, inu ndikupatsani chenjezo lomaliza, mubwerera kumunda. Iyeyo sizoni yake yathera pomwepo. Koma akakana, ine ndilibe chogwira. Makina akuti inu kunalibe. Mawa naini koloko mubwere nonse, ndi kalaliki ndi kapitawo."

Madzulo a Doris anapita kumene Olivia ankachita lendi, kunja kwa esiteti, kachipinda ka udzu kodontha. Anamupeza akutsuka matewera. Nkhani inali itamufika kale, pakuti ya pa komboni imayenda mofulumira kuposa thirakitala.

"Wamva mmene zilili," anatero a Doris. "Sizoni yatsala miyezi iwiri. Ukachotsedwa ubwera kwanga, iwe ndi mwana, monga kale. Tidya zomwe ndipeze. Chaka chamawa ndikakupemphera ndekha kwa a kapitawo."

Olivia anafinya thewera nthawi yaitali kuposa mmene thewera limafunira.

"Ndamva, achemwali."

"Ungonena zoona basi."

"Ndamva."

A Doris anabwerera mtima uli m'malo. Sizinawabwerere n'komwe m'mutu kuti munthu amene anadya naye mbale imodzi miyezi itatu angafunike kuuzidwa kawiri. Chimene sankadziwa n'chakuti masana omwewo a Bizwick anali ataitanira Olivia pambali, n'kumuuza kuti dzina lake lili pamwamba pa a sizoni onse a divishoniyo pa makilo, ndipo kuofesi akuliyang'ana pa za upamanenti. Anamuuzanso kuti akangoulula, kampani ifufuza makhadi a gulu lonse, ndipo ogwa adzakhala ambiri, kuyambira iwo eni a Bizwick.

M'mawa mwake anaima anayi patsogolo pa tebulo. Olivia anavala khadi lake m'khosi, kunja kwa bulauzi, poonekera. Abwana anayamba ndi Hopeson.

"Ine bwana ndimayang'ana sikelo," anatero Hopeson. "Kamakina kakalira ndiye kuti munthu wafika. Munatiphunzitsa choncho."

"A kapitawo?"

"Anthu eyite, bwana, mumvula, aliyense pulasitiki kumutu. Nkhope sindingalumbire. N'chifukwa chake kampani inagula makina."

A Doris anawayang'ana a Bizwick. A Doris eni ake anamuyankhirapo bamboyu sabata yathunthu, kale asanakhale kapitawo, pamene akazi ake anapita padera. Komabe sanadabwe kwambiri. Amuna aja ankateteza nsima yawo, ndipo sanagonepo pansi m'nyumba mwa a Doris. Chiyembekezo chawo chonse chinali pa Olivia.

"Iwe, masabata awiri apitawa unali kuti?" anafunsa abwana.

Olivia anayang'ana pansi pa tebulo. "Kumunda, bwana."

"Khadi lako unapatsa munthu?"

"Ayi, bwana. Silinachoke m'khosi mwanga."

"Mayiwa akuti unali kuchipatala ndi mwana."

"Mwana anadwaladi. Koma amene anakakhala naye ndi amayi anga."

Anayankhula mosadodoma, ngati mwana wa sukulu amene waloweza ndakatulo. Chimenecho ndicho chinawapweteka kwambiri a Doris: mawuwo anali okonzedwa. Dzulo lija akufinya thewera, akuti ndamva achemwali, anali nawo kale m'kamwa.

"Olivia," anatero a Doris, motsitsa. "Tandiyang'ana."

Sanawayang'ane.

"Onani manja ake, bwana, muone anga." Anatambasula zala zong'ambika zija patebulo. "Funsani kuchipatala. Itanani gulu lonse."

Tamanda anayesako. Anati makilo a pa khadi la Olivia masiku amenewo anali owirikiza kawiri zimene ankathyola kale, ndipo zimenezo zokha zinali zokayikitsa. Abwana anafunsa a Bizwick, ndipo a Bizwick anati mtsikanayo wangozolowera ntchito, Januwale tiyi amakhala wambiri. Tamanda anabwerera pa kompyuta yake. Iye anali wa makina, osati wa milandu.

Gulu analiitanadi masana, pa shedi. Abwana anafunsa ngati alipo amene angaimirire n'kunena kuti anaona a Doris akuyandikiza khadi la munthu wina. Anthu makumi asanu ndi atatu, ndipo aliyense anali ndi tsiku lake limene khadi lake linalira iye ali ku maliro. Kuimirira kunali kudziulula wekha ndi kuulula mnzako. Amayi amene ankaseka za manja anayi aja anaweramitsa mitu n'kumatola tizinyalala pa zitenje zawo. Mwambo womwe uja umene a Doris anausunga zaka zonsezi ndi umene unatseka anthu pakamwa. A Doris anaima pakati pa anzawo ali okhaokha, ndipo sanalire. Mkwiyo unali utaumitsa misozi.

Kalata inatuluka Lachisanu. Anapatsidwa masiku khumi ndi anayi kuti atuluke m'nyumba, ndipo kampani, mwa chifundo chake, inalonjeza thirakitala yowanyamulira katundu mpaka ku Mphuka. Usiku anthu ankabwera mmodzimmodzi, wina ndi kasopo, wina ndi kamchere, kudzapepesa monong'ona. A Doris ankalandira, chifukwa mchere ulibe mlandu. Tisungane amake anamupezera pogona kwa amayi ena a mvano kuti amalize sukulu. Mwanayo anafunsa kamodzi kokha chifukwa chimene anti Olivia anasiyira kubwera, ndipo atayang'ana nkhope ya amake sanafunsenso.

Tsiku losamuka a Doris anatulutsa zonse panja m'mawa: bedi, mphasa, mitondo iwiri, ndowa, thumba la zovala. Anasesa zipinda zonse ziwiri, chifukwa sanafune kuti wobwerayo, kaya ndani, akanene kuti Doris anali wauve. Anakhala pa mtondo n'kumadikira.

Thirakitala inafika cha m'ma teni, ndipo ngolo yake sinali yopanda kanthu. Munali matiresi opindidwa, mbaula, mitolo iwiri ndi kabati yaing'ono. Pamwamba pa mitoloyo panakhala Olivia, Happy ali pamsana.

Dalaivala anatsika akupukuta manja. "Pepani mayi, dizilo ndi wovuta. Atiuza ulendo ukhale umodzi. Titsitse izi kaye, ndiye tikweze zanu."

A Doris anaimirira pang'onopang'ono. Nyumba zopanda anthu kukomboniko kunalibe, zimenezo ankadziwa. Malo a pamanenti amene anatseguka m'divishonimo anali amodzi, awo omwe, ndipo anapita kwa wa sizoni amene makina anamuonetsa kuti ndi katswiri. Zonsezo akanatha kuziwerengera okha masiku onsewa, koma mtima wawo unali utakana kufika kumeneko.

Olivia anatsika chakumbuyo, osayang'ana kukhonde. Anthu oyandikana nawo anali atalowa m'nyumba zawo, zitseko zili zotsekula pang'ono. Dalaivala anakoka kabati mpaka kumapeto kwa ngolo, nagwira mbali imodzi. Olivia anayesa inayo, koma mwana kumsana ankamulemera, ndipo kabati inayamba kupendekeka. Anatembenuka mwachizolowezi, mmene ankachitira m'munda dengu likamukanika.

"Achemwali, tagwirani uku."

Dzanja la a Doris linali litanyamuka kale asanaganize. Analiona lili m'mwamba, zala zong'ambika zija zitatambasuka kulunjika ku kabati ya Olivia. Analibweza, nalipinda kumbuyo pamodzi ndi linzake.

"Dziyankhire wekha," anatero.

Anakhalanso pa mtondo, n'kudikira kuti ngolo ikhale yopanda kanthu.